Tabuleti ya malemu Namakhwa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kuonda. Ndikunena izi poyera kuti achinyamata amene akudandaula za mapepala a sukulu adziwe kuti makomo olowera m'boma ndi ambiri, ena ndi opapatiza.

Ku koleji ku Blantyre ndinkaphunzira za makompyuta. Ine ndi koleji tinasiyana mwamtendere chaka chachiwiri chili pakati. Iwo anasunga dipuloma yawo, ine ndinasunga fizi imene ndinalibe, palibe amene anatukwana mnzake. Ndinabwerera kwathu ku Chitakale, kumene msuweni wanga anandipatsa udindo waukulu wokhala pabenchi pakhonde la shopu yake n'kumaonetsetsa kuti maminibasi akudutsa bwino.

Tsiku lina msuweniyo anandituma kukasiya mapepala a pulinta ku ofesi ina ya boma yoona za alimi. Ndinapeza mayi wina wathupi ndithu atagwada, mutu uli pansi pa desiki, tochi ili kumanja, akulankhula ndi mawondo awo mawu osayenera kulembedwa. Anali Mayi Mulepa, oyang'anira makompyuta ndi katundu yense wamagetsi pa ofesipo. Atatulutsa mutu anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu ngati munthu wosankha nsungwi.

"Mumatha kuwerenga?"

"Ndinafika ku koleji, mayi."

"Sindinafunse kumene munafika. Lowani apa mundiwerengere nambala ili kumbuyo kwa bokosilo."

Ndinalowa, malo n'kutsala. Ndinawerenga nambala ija mokweza, iwo n'kulemba. Tinapita pa desiki yachiwiri, kenako yachitatu. Sabata yotsatira ananditenga ngati wogwirizira, ndipo kugwirizirako kunatenga zaka, monga mmene kumachitira.

Ntchito yake inali yotere. Katundu akabwera kuchokera kulikulu, kaya ndi laputopu, pulinta, mawusi kapena mabatire osunga magetsi aja timati ma UPS, tinkatsegula katoni tili awiri, n'kufananiza ndi pepala lobwera nalo. Chinthu chilichonse chili ndi nambala yake yobadwa nayo kufakitale. Imeneyo tinkailemba m'buku la katundu ndi pakompyuta, kenako n'kumata sitika ya nambala yathu ya boma. Koma masitika amenewa anawapanga anthu osadziwa Mulanje. Chiperoni, nkhungu ya kamvula kozizira ija, chikangokhala masiku angapo, sitika imafufuma m'makona n'kugwa yokha ngati nkhanambo. Choncho Mayi Mulepa ankafuna kuti nambalayo ndiilembenso ndi pentimaka yoyera pamalo obisika. Wotenga katundu ankasaina, wobweza ankasaina, ndipo chinthu sichinkadutsa pageti popanda kapepala kotulutsira, ngakhale chikhale chingwe cha pulinta.

Panalinso kachipinda kakumapeto kamene tinkati mochale. M'menemo munkagona makompyuta akufa, ena a nthawi imene ine ndinali ku pulayimale. Katundu wa boma akafa sataya. Amadikira komiti kuti idzaone ndi maso kuti wafadi, ndipo komitiyo simathamanga. Pakutha pa miyezi itatu iliyonse ndinkalowamo ndi tochi kukawerenga akufawo, kuonetsetsa kuti palibe amene wadzuka.

"Chinthu chikhoza kufa," ankatero Mayi Mulepa, "koma chisasowe."

Kenako kunabwera matabuleti. Alangizi onse a kumudzi analandira imodzi imodzi, yolembera mayina a alimi, minda yawo ndi manambala a ziphaso zawo. Matabuleti amenewa anali ndi chingwe chosaoneka chofika kulikulu. Munthu akachoka pantchito, kaya wathawa, wachotsedwa kapena wamwalira, kulikulu ankatumiza lamulo loti tabuleti yake ifufute zonse zam'kati, kuopa kuti za alimi zingagwe m'manja olakwika. Lamulolo ndi lofatsa, limadikira. Tabuleti ikangoyaka n'kugwira netiweki, imadzipukuta yokha n'kukhala ngati yangotuluka m'katoni. Ndi lamulo labwino, ndipo mpaka lero sindilinena.

Mmodzi mwa alangiziwo anali bambo Fostino Namakhwa, a kufupi ndi Muloza, kumalire a dziko. Ndinkawadziwa pang'ono chabe. Ankabwera kumapeto kwa mwezi atavala magambuti ngakhale kunja kuli ng'amba, n'kundipatsa mapeyala awiri kuti ndiwaikire tabuleti yawo patchaji msanga. Chimenechi sichinali chiphuphu, chifukwa mapeyalawo ndinkawadya poyera. Anadwala masiku ochepa, n'kumwalira. Ofesi inapita kumaliro pa lole, tinaimba, tinabwerako.

Patapita masabata angapo, Mayi Mulepa anandiitana.

"Tabuleti ya a Namakhwa sinabwere. A kubanja aimba foni, akuti tikatenge Lachisanu. Mupita inu."

"Ine ndekha, mayi?"

"Ndi tabuleti imodzi, tchaja chimodzi ndi kachikwama kake. Mukufuna ngolo?"

Ndinakwera minibasi pa Chitakale kukuwaza kamvula kopanda cholinga kaja. Tinadutsa minda ya tiyi, phiri litabisala, ndipo njira yonse ndinkayeseza mawu. Palibe njira yabwino youzira mayi wamasiye kuti boma likupepesa kwambiri, komanso likufuna tchaja chake. Pa Muloza ndinatsika, n'kukwera kabaza wolowa kumudzi.

Titafika ndinafuna kuuza wakabaza kuti tibwerere. Pabwalo panali anthu ambiri, amuna pamipando, amayi pansi chapatali. Pakati anayala mphasa, ndipo pamphasapo panali moyo wonse wa a Namakhwa: suti yakuda, magambuti aja, wailesi, chipewa, malaya opindidwa bwino, njinga itatsamira mtengo wa mango. A Namakhwa anali mkamwini pamudzipo, ndipo limeneli linali tsiku limene abale awo anabwera kudzagawa katundu wa malemu ndi kumasula mkazi wawo. Pamasiku onse a pakalendala, boma linafika tsiku limeneli, litavala jekete ya msuweni wake.

Anandipatsa mpando. Wotsogolera mwambo anali atsibweni a malemu, bambo okalamba ofatsa, amaso ofiira ndi chimfine. Ndinapereka moni, ndinapepesa maliro, kenako ndinanena chimene ndinadzera ndi mawu otsika kwambiri moti ndinachita kubwereza. Anthu anayankhulana m'Chilomwe pang'ono. Ndinayang'ana pamphasa. Kachikwama kanalipo, tchaja chinalipo, tabuleti panalibe.

"Ili ndi akulu ake a malemu, a Juwawo," anatero atsibweni. "Apita nayo kumsika kukatchajitsa. Yakhala yozima chimwalirireni mwini wake. Dikirani, akubwera."

Ndikudikira choncho, mayi wina anabwera kudzagwada pambali panga n'kunena kuti alendo akamwe madzi kuseri. Ndinamutsatira. Kuseri kwa khitchini ndinapeza mkazi wa malemu, atameta mpala, mwana wamkazi woyamba kumene kuyenda atagwira chitenje chawo. Anthu ankawatchula kuti amake Rozi. Ndinayamba mawu anga oyeseza aja, koma anandidula.

"Achimwene, foni ija ndinaimba ndine. Tsikuli ndinasankha dala."

Ndinawafunsa chifukwa chake.

"Alamu anga akuti chimenechi ndi chawo. Ali kale ndi munthu ku Milanje, kutsidya kwa malire, wofuna kugula. Chikaoloka mtsinje uwo, basi. Ine sindingakangane nawo, lero si tsiku langa loyankhula. Koma boma angaliope."

Ndinawauza kuti asadandaule, katundu wa boma abwerera ku boma.

"Za boma lanu ine ndilibe nazo ntchito," anatero, osakweza mawu. "M'menemo muli mawu awo. Madzulo ankakhala pakhonde apa n'kumadzijambula akuyeseza zokaphunzitsa alimi, kenako n'kumadzimvetsera. Ndinkawaseka. Uyu," analoza mwana uja, "sadzawakumbuka. Chithunzi chilipo cha ukwati. Koma mawu ali m'menemo mokha. Mutenge chinthucho, koma mundisiyire mawuwo."

Apa m'pamene ndinaona vuto. Dzina la a Namakhwa linali litachotsedwa kale pantchito, kutanthauza kuti lamulo lofufuta lija linali m'mlengalenga, likudikira. Chimene chinapulumutsa mawuwo masabata onsewa chinali batire lakufa. Ndipo batirelo a Juwawo anali atapita kukalidzutsa. Ndinatulutsa foni yanga kuti ndione netiweki. Kumudzi kumene anthu amakwera pachulu kuti atumize uthenga, tsiku limenelo mizere inali yodzaza.

Sindinawauze amake Rozi zimenezi. Ndinangoti ndiyesetsa, n'kubwerera pampando wanga, n'kuyamba kupemphera kuti kumsika magetsi akhale atazima. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kupempherera zimenezo.

A Juwawo anafika pa njinga yamoto. Anali bambo wamfupi, wamapewa, wochita malonda odutsa malire, ndipo nkhope yawo inali ya malemu yeniyeni, kungoti yopanda kumwetulira. Tabuleti anaitulutsa m'jekete. Galasi linali lakuda. Ndinapuma. Pambuyo pake anandiuza kuti wotchajitsa anafuna kuyatsa koma iwo anakana, poti chinthu cha malemu chiyenera kuyatsidwa pamaso pa abale. Mwambo umenewo ndimaulemekeza mpaka lero.

Atsibweni anawafotokozera za ine. A Juwawo anandiyang'ana, n'kuyang'ana jekete yanga yobwereka ija.

"Boma lake ndi limeneli?"

"Mbali yake, bambo," ndinayankha.

"Amigo, mng'ono wanga wagwira ntchito zaka zonsezi, dzuwa ndi mvula. Boma linamupatsa chinthu ichi m'manja. Lero wagona, mwabwera kudzalanda? Bokosi la maliro lija bwanji simunabwere kudzatenga matabwa ake?"

Anthu ena anang'ung'udza movomereza, ndipo kunena zoona nanenso ndikanakhala kumbali yawo ndikanang'ung'udza. Ndinafotokoza kuti tabuletiyo anangobwerekedwa kuti agwirire ntchito, ndipo ili ndi nambala ya boma kumbuyo. Anaitembenuza. Pamene panali sitika panangotsala kabwalo koyera. Sindikunena kuti anaimatula ndi iwo. Chiperoni ndi mboni yanga kuti masitika athu amachoka okha.

"Nambala yake ili kuti? Ine ndikudziwa kuti umu muli zithunzi za mng'ono wanga ndi banja lake. Chinthu cha boma chimasunga zithunzi za ana a anthu? Ndiyatse pompano aliyense aone."

Chala chawo chachikulu chinapita pabatani.

Ku koleji sanatiphunzitse zoyenera kuchita pamenepa, kapena anaphunzitsa chaka chachitatu. Ndinadzuka pampando, n'kupezeka ndagwada pamphasa pakati pa suti ndi magambuti, nditagwira dzanja la munthu wamkulu amene sindinkamudziwa.

"Bambo, musayatse kaye. Mukayatsa ili ndi kakhadi ka netiweki m'kati, zonse za malemu zifufutika. Zithunzi, mawu, zonse. Sizidzabweranso."

"Afufute ndani?"

"Akulikulu."

"Ali ku Lilongwe, afufute chinthu chili m'manja mwanga kuno?" Anaseka, anthu ena n'kusekanso. "Ufiti umenewo boma linayamba liti?"

"Chaka chatha, bambo."

Sindinkafuna kuseketsa anthu, ndinangoyankha funso. Koma atsibweni anaseka mpaka kutsokomola, ndipo a Juwawo anakwiya kwambiri. Anakoka dzanja lawo. Ndinayang'ana kumene kunakhala amayi. Amake Rozi anali atamva zonse. Anali ataweramitsa mutu, manja onse awiri atagwira mwana uja mwamphamvu moti mwanayo anayamba kudzipotokola.

Ndinasiya zotsutsana. Ndinati, "Bambo, tabuleti ikhale m'manja mwanu momwemo, ine sindiigwira. Mungondilola nditulutse kakhadiko, kenako muyatse nokha. Ngati ndikunama, simutaya kanthu, kakhadi mubwezeramo. Koma ngati ndikunena zoona, mukhala mwafufuta mng'ono wanu ndi chala chanu."

Mawu omalizawo anali olemera kuposa msinkhu wanga, ndipo ndinaona kuti awalasa. Chala chija chinachoka pabatani. Atsibweni anapukuta mphuno n'kunena kuti, "Juwawo, mwanayu wagwada. Musiye atulutse."

Kutulutsa kakhadi kumafuna kachitsulo kosongoka kolowetsa pakabowo kam'mbali. Kachitsulo kameneko kanali mu diloo yanga ku ofesi, mosungika bwino. Ndinapapasa m'matumba monse mwaulemu. Ndinayesa kamtengo ka machesi, kanathyoka. Munga wa ndimu unapindika. Amuna onse pabwalo anayamba kupereka nzeru, wina n'kubwera ndi msomali wa mainchesi anayi. Kenako amake Rozi anadzuka, anayenda chowerama mpaka pamphasa, anamasula pini imene inagwira bulauzi yawo yakuda, n'kundipatsa. Ndinabaya pakabowo, kathireyi kanatuluka. Kakhadi ndinakaika m'chikhatho cha atsibweni. Kunsi kwa kathireyiko kunali timanambala tanga ta pentimaka yoyera, koma palibe amene anafunanso kutiona.

A Juwawo anayatsa. Chinayamba kuoneka ndi chizindikiro cha boma, chachikulu, chodzaza galasi lonse, ndi mawu akuti chipangizochi ndi katundu wa boma. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandipatsa tabuletiyo ndi dzanja limodzi, nkhope atayang'ana kumbali.

Mlandu wa mwini unathera pomwepo, koma wanga unali usanathe. Lamulo lathu silinkalola kukopera chilichonse kuchoka m'chipangizo cha boma kupita kwa munthu wamba. Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kuimbira Mayi Mulepa. Ndinafotokoza zonse, za pini zomwe. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa.

"M'buku mwathu a Namakhwa anasainira chiyani?"

"Tabuleti, tchaja ndi kachikwama, mayi."

"Mawu awo anasainira?"

"Ayi."

"Ndiye si athu. Apatseni eni ake. Koma za alimi musakhudze ngakhale dzina limodzi, ndipo Lolemba mudzalembe zimene mwachita, ndidzasaina ndine."

Ndinalowa ndi nambala yachinsinsi ya ife oyang'anira. Amake Rozi anandipatsa kafoni kawo ka mabatani, ndinachotsamo memore khadi, n'kuiika mu tabuleti. Ndinakopera zithunzi za pabanja ndi mawu onse amene malemu anadzijambula, china chilichonse ndinachisiya. Nditabwezera memoreyo m'kafoni, ndinawapatsa kuti akamvere m'nyumba paokha. Iwo anangodina pomwepo.

Kafoni kaja kanali ndi sipika yaphokoso ngati mafoni onse otchipa. Mawu a a Namakhwa anamveka bwalo lonse, akukonza kukhosi. "Alimi anzanga, nandolo safuna kupanikizana. Ndibwerezenso. Alimi anzanga okondedwa." Anapitiriza za mizere ndi mapando, za mbozi za m'chimanga, mawu a munthu amene akuganiza kuti palibe akumumva. Chapansipansi kunkamveka nkhuku ndi mbale zikugundana. Kenako mwana analira pafupi, ndipo iwo anati, "Rozi, dikira kaye mayi, abambo ako akuphunzitsa dziko." Kunamveka mkazi akuseka chapatali.

Sindifotokoza mmene pabwalo panakhalira. Ndingoti mwambo unaima kwa kanthawi, ndipo palibe anadandaula. Amake Rozi sanalire mokweza. Anaika kafoniko pakhutu la mwana, mwanayo n'kukagwira ndi manja awiri, kufuna kukaluma. Ine ndinatanganidwa kwambiri ndi kukulunga chingwe cha tchaja, ntchito imene inafuna kuti ndiyang'ane pansi nthawi yaitali.

Pochoka, a Juwawo anati andiperekeza pa njinga yawo mpaka pa Muloza. Ndinkaganiza kuti akufuna akanditukwanire kopanda anthu, koma njira yonse ankangoyendetsa njinga. Titafika pa siteji anazimitsa njinga, n'kutulutsa foni yawo.

"Amigo, zija mwaika kwa alamu zija, zingalowenso umu?"

Ndinawauza kuti tabuleti sindingaitsegulenso, koma akapempha alamu awo, aliyense wodziwa foni angawatumizire. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinaona kuti kupempha kumeneko kuwavuta kuposa kugula.

"Ndinamubereka kumsana ine ameneyo," anatero, "pothawa nkhondo kutsidyaku. Ankalira njira yonse. Mayi ankati ndimutseke pakamwa asilikali angamve." Anaika foni m'thumba. "Ndikapempha."

Lolemba ndinalemba lipoti, Mayi Mulepa anasaina osasintha liwu. Kenako ndinabwezera kakhadi mu tabuleti n'kuiyatsa pa desiki yanga. Inagwira netiweki, inaganiza pang'ono, galasi linathima n'kuyakanso, ndipo inandipatsa moni ngati sitinaonanepo. Ndinamata sitika yatsopano, n'kuipereka kwa mlangizi amene analowa m'malo mwa malemu.

Papita zaka tsopano, ndipo ndili pa ofesi ina, ndi anyamata anga awiri amene ndimawaphunzitsa ntchito. Zambiri zimene ndimawauza zili m'mabuku a malamulo. Chimodzi chokha mulibe. Chipangizo chikabwera kuchokera kwa munthu amene wachoka, makamaka amene wachoka ulendo wosabwerera, sitiyatsa. Timayamba tatulutsa kakhadi, kenako timaimbira a kubanja n'kufunsa ngati muli kanthu kawo m'menemo. Ambiri amati mulibe, ndipo timafufuta tsiku lomwelo. Ena amakhala chete pafoni, kenako amafunsa kuti ofesi timatseka nthawi yanji.